Mafunso ndi mayankho okhudza Chingerezi cha m'madera osiyanasiyana ndi zodabwitsa zake

Anthu ambiri amene anaphunzira Chingerezi m'kalasi, mayeso n'kukhoza bwino, amadabwa akakumana ndi eni chilankhulocho n'kupeza kuti theka la zonena zawo likuwadutsa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera kawirikawiri pa nkhani imeneyi.

Kodi Chingerezi chenicheni ndi cha kuti?

Palibe boma kapena bungwe limene linapatsidwa mphamvu zogamula kuti Chingerezi cholondola ndi ichi. Chifalansa chili ndi bungwe la Académie française, lomwe linakhazikitsidwa mu 1635 kuti lizisamalira chilankhulocho, koma Chingerezi sichinakhalepo ndi mlonda wotere. Chimene lero timachiona ngati Chingerezi chovomerezeka, cha m'mabuku ndi m'manyuzipepala, chinayamba ngati kalankhulidwe ka chigawo chimodzi chabe, cha London ndi madera oyandikana nawo kuphatikizapo Oxford ndi Cambridge. Chinakwera pamwamba pa zinzake chifukwa kumeneko n'kumene kunali nyumba yachifumu, makhoti, amalonda akuluakulu, masukulu aukachenjede ndi makina osindikizira mabuku. Likulu la dziko likanakhala ku York, bwenzi lero tikuphunzira Chingerezi cha kumpoto, ndipo cha ku London ndi chimene aphunzitsi akanamathetha ndi cholembera chofiira.

Ndi bwino kusiyanitsa kalembedwe ndi katchulidwe. Chingerezi cholembedwa n'chofanana ndithu pafupifupi kulikonse, koma katchulidwe kamene ambiri timakaganizira tikamva za Angerezi, kotchedwa Received Pronunciation, kanakulira m'masukulu ogonera konko a ana a anthu olemera, ndipo kanafala kudzera pa wailesi ya BBC imene inayamba mu 1922. Akatswiri ena amayerekeza kuti anthu olankhula motero ku Britain ndi pafupifupi atatu okha pa anthu 100 alionse.

N'chifukwa chiyani dziko laling'ono ngati England lili ndi malankhulidwe ambiri chonchi?

England imaposa Malawi pang'ono chabe kukula kwake, ndipo kuchoka ku Liverpool kufika ku Manchester ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50, komabe anthu a m'mizinda iwiriyi amadziwana kwawo akangotsegula pakamwa. Chimene chinachititsa ndi kutalika kwa nthawi. Chingerezi chakhala pachilumbapo zaka zoposa 1,500, ndipo chiyambire sichinakhalepo chimodzi. Mitundu imene inabwera nacho m'zaka za m'ma 400, Angles, Saxons ndi Jutes, inachokera m'madera osiyana a kumene lero kuli Germany ndi Denmark, ndipo mtundu uliwonse unakhazikika kwaokha. Kenako kunabwera a Viking, ankhondo ochokera ku Scandinavia, amene anaukira chilumba cha Lindisfarne mu 793 ndipo pambuyo pake anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa dzikolo. Mayina a malo othera ndi “-by”, monga Derby, Grimsby ndi Whitby, ndi mapazi awo, chimodzimodzinso mawu a tsiku ndi tsiku ngati “sky”, “skin” ndi “they”. Onjezani apo zaka mazanamazana zimene munthu wamba ankabadwa, kukwatira ndi kuikidwa m'manda m'mudzi umodzimodzi, ndipo muona kuti zikanakhala zodabwitsa onse akanamalankhula mofanana.

William Caxton, amene anabweretsa makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, analemba mu 1490 nkhani yoonetsa mmene zinthu zinalili. Amalonda ena amene ankayenda pa mtsinje wa Thames anatsika kumtunda kukafuna chakudya, ndipo mmodzi anapempha mayi wina “egges”, kutanthauza mazira. Mayiyo anayankha kuti iye sadziwa Chifalansa. Wamalondayo anapsa mtima chifukwa nayenso Chifalansa sankachidziwa, mpaka mnzake ananena kuti akufuna “eyren”, mayiyo n'kumva. Onse awiri anali Angerezi, koma wina ankagwiritsa ntchito mawu a kumpoto ochokera kwa a Viking, winayo a kum'mwera. Caxton ankadandaula kuti wosindikiza mabuku asankhe ati, ndipo mazira a kumpoto ndi amene anapambana.

Ndingadziwe bwanji dera limene munthu wa ku Britain amachokera?

Mvetserani mawu ochepa chabe. Wa kum'mwera amakoka liwu la “a” m'mawu ngati “bath” ndi “grass”, pamene wa kumpoto amalidula lalifupi. Wa kumpoto amatchula “cup” ndi “bus” ndi liwu la “u” lofanana ndi la mu “put”. Munthu akamamveketsa “r” wa kumapeto kwa “car” ndi “water”, kawirikawiri ndi wa ku Scotland, ku Ireland kapena kum'mwera chakumadzulo kwa England, cha ku Bristol ndi Cornwall.

Okonda mpira wa ku England anamvapo kale malankhulidwe amenewa, ngakhale mwina sankadziwa mayina ake. Steven Gerrard ndi Jamie Carragher amalankhula Scouse, Chingerezi cha ku Liverpool chimene chinasintha kwambiri chifukwa cha anthu a ku Ireland othawa njala ya m'zaka za m'ma 1840. Alan Shearer amalankhula Geordie, cha ku Newcastle, kumene mwana ndi “bairn” ndipo kupita kwanu ndi “gan hyem”. Alex Ferguson ndi wa ku Glasgow. Kum'mawa kwa London kunali Cockney, chodziwika ndi kumeza “t” wa pakati pa mawu komanso kuzimbaitsa, kumene “dog and bone” amatanthauza lamya chifukwa mapeto ake amamveka ngati “phone”. Masiku ano achinyamata ambiri a m'dera limenelo amalankhula kalankhulidwe katsopano kosakanikirana ndi ka ana a anthu ochokera ku Jamaica, ku West Africa ndi ku Asia.

Chimene chimasokoneza kwambiri anamwino ndi ophunzira ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe nthawi zambiri si galamala ayi, koma timawu ta m'nyumba. Wodwala wa ku Yorkshire akafunsa nthawi imene “tea” abwere, akufunsa za chakudya chamadzulo osati tiyi, ndipo “dinner” kwa iye ndi nkhomaliro. Bani imodzimodzi imatchedwa “cob” ku Nottingham, “barm” ku Manchester ndi “batch” ku Coventry. Wogulitsa m'sitolo akhoza kuitana bambo wamkulu wa imvi kuti “love”, “pet” kapena “duck”, malinga ndi dera, ndipo kwa munthu wokulira m'chikhalidwe chathu cha ulemu zimenezi zimaoneka ngati chipongwe, pamene mwiniwakeyo akungosonyeza nsangala.

N'chifukwa chiyani kalembedwe ka Chingerezi sikagwirizana ndi katchulidwe kake?

Limeneli ndi funso limene limavutitsa aliyense wozolowera Chichewa, chimene munthu amalemba monga momwe akumvera. Yankho lalikulu ndi lakuti kalembedwe kanauma msanga, pamene pakamwa pa anthu panapitiriza kusintha. Makina osindikizira anafika nthawi imene maliwu aatali a Chingerezi anali pakati posuntha, kusintha kumene kunachitika pang'onopang'ono kuyambira cha m'ma 1400 mpaka cha m'ma 1700. Zimenezi zisanachitike, “i” wa mu “time” ankamveka ngati “i” wathu wokokedwa, “a” wa mu “name” ngati “a” wathu, ndipo “house” ankatchulidwa “huus”. Kumpoto kusintha kwa liwu la mu “house” sikunafike, n'chifukwa chake ku Scotland mumamvabe “hoose”, ndipo ochemerera timu ya Newcastle amautcha mzinda wawo “Toon” m'malo mwa “town”.

Malembo amene lero satchulidwa kale ankatchulidwa. “K” wa mu “knee” ndi “knife” ankamveka, ndipo “gh” wa mu “night” anali liwu la kukhosi longa limene anthu a ku Scotland amatchula mu “loch”. Liwu limeneli litatha, m'mawu ena linangosowa, m'mawu ena linasanduka “f”, ndipo apa ndi pamene panachokera chisokonezo cha “though”, “through”, “tough”, “cough” ndi “bough”, mawu asanu olembedwa mofanana kumapeto koma otchulidwa mosiyana onse.

Malembo ena anachita kulowetsedwa dala ndi anthu ophunzira ofuna kuonetsa kuti amadziwa Chilatini. “Debt” anabwera kuchokera ku Chifalansa alibe “b”, ndipo anamuikamo pofuna kukumbutsa za “debitum”. “S” wa mu “island” anaikidwa molakwitsa, poganiza kuti mawuwa ndi pachibale ndi “isle”. Pa mayina a malo ndiye palibe lamulo lothandiza. Leicester, mzinda wa timu imene inatenga chikho mu 2016, amautchula “Lesta”, Worcester ndi “Wusta”, ndipo njira yokhayo ndi kumva kwa eni dera. Wolemba masewero George Bernard Shaw, amene anamwalira mu 1950, anasiya ndalama zoti apangire alifabeti yatsopano. Inapangidwadi, koma anthu sanaitsatire.

Bwanji nyama ili ndi dzina lina ikakhala m'khola, lina ikakhala m'mbale?

Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 olamulira ankalankhula Chifalansa. Mayina a ziweto, “cow”, “pig” ndi “sheep”, anakhalabe a Chingerezi chakale, pamene mayina a nyama yapatebulo, “beef”, “pork” ndi “mutton”, anachokera ku Chifalansa. Mawu ambiri a m'khoti ndi a boma, monga “judge”, “court” ndi “parliament”, analowa pa khomo lomwelo. Ichi n'chifukwa chake Chingerezi chimakhala ndi mawu awiri kapena atatu a chinthu chimodzi, ena a kunyumba ena a ku ofesi, ndipo wolemba waluso amadziwa kuti mawu aataliwo sakhala abwino nthawi zonse.

Kodi Chingerezi cha ku America ndi chowonongeka?

Ayi, ndipo pa zinthu zina ndi chimene chinasunga zakale. Atsamunda anafika ku Jamestown mu 1607 ndi ku Plymouth mu 1620, nthawi imene Angerezi ambiri ankatchulabe “r” paliponse pamene walembedwa. Chizolowezi chomumeza chinafala kum'mwera kwa England cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ndipo ku America chinagwira makamaka m'mizinda ya kugombe ngati Boston ndi New York. Mawu akuti “fall”, a nyengo yoyoyoka masamba, ndi “gotten” ankagwiritsidwa ntchito ku England asanawoloke nyanja.

Kusiyana kwa masipelo kunachita kupangidwa. Ku Britain dikishonale ya Samuel Johnson ya 1755 inathandiza kukhazikitsa kalembedwe, ndipo ku America Noah Webster, amene ankafuna kuti dziko latsopano likhale ndi kalembedwe kakekake, anafalitsa “color” ndi “center” kudzera m'mabuku ake a sukulu ndi dikishonale yake ya 1828. Zinthu zimene zinatulukira mayiko awiriwa atasiyana kale zinapatsidwa mayina osiyana, monga “lorry” ndi “truck”, “petrol” ndi “gas”. Mawu athu akuti lole ndi petulo akusonyeza mbali imene ife tinatengera. Nayenso America ali ndi malankhulidwe ake a m'madera, moti chakumwa choziziritsa kukhosi ndi “soda” ku New York, “pop” ku Michigan, ndipo m'madera ambiri a kum'mwera chilichonse amangochitcha “coke”.

Chifukwa chiyani Chingerezi sichisiyanitsa “iwe” ndi “inu”?

Kale chinkasiyanitsa, ndipo mofanana kwambiri ndi Chichewa. “Thou” anali wa munthu mmodzi, mwana, mnzako kapena wantchito, pamene “you” anali wa anthu ambiri komanso wa munthu mmodzi wolemekezeka. Anthu anayamba kuopa kunyoza anzawo, aliyense n'kumangotchedwa “you”, mpaka “thou” anazilala m'zaka za m'ma 1600. Chifukwa choti Baibulo la King James la 1611 linamusunga, ambiri lero amaganiza kuti “thou” ndi mawu aulemu waukulu, pamene kwenikweni anali “iwe”. Ku Yorkshire okalamba ena amanenabe “tha” kwa anthu owazolowera.

Mpata umene unatsala anthu anautseka okha, dera lililonse mwa njira yake. Kum'mwera kwa United States amati “y'all”, ku Pittsburgh “yinz”, ku Liverpool, Glasgow ndi Dublin “youse”, ndipo ku Jamaica “unu”, mawu ochokera ku chilankhulo cha Igbo cha ku Nigeria. Aphunzitsi amawakana mawu amenewa, komatu amagwira ntchito imene Chingerezi cha m'mabuku chimalephera.

Kodi ku Scotland amalankhula Chingerezi kapena chilankhulo china?

Kuli zitatu. Gaelic ndi chilankhulo china kotheratu, cha pachibale ndi cha ku Ireland. Scots chinachokera ku Chingerezi chakale cha kumpoto, chinali chilankhulo cha nyumba yachifumu ya Scotland mfumu James asanasamukire ku London mu 1603, ndipo anthu amatsutsanabe ngati chili chilankhulo pachokha kapena nthambi ya Chingerezi. Chachitatu ndi Chingerezi wamba cha katchulidwe ka kumeneko, chosakaniza mawu ngati “wee”, “aye” ndi “kirk”. Amishoni amene anatsegula masukulu a Livingstonia ndi Blantyre m'zaka za m'ma 1870 anali a ku Scotland, Robert Laws wa ku Aberdeen mmodzi wa iwo, choncho Chingerezi choyamba kumveka m'makalasi amenewo sichinali cha ku London.

Nanga cha ku South Africa chimasiyana pati?

Chinazika mizu ndi atsamunda pafupifupi 4,000 amene anafika ku Algoa Bay mu 1820, ndipo chinakulira pakati pa Afrikaans, Xhosa ndi Zulu. Ku Afrikaans chinatenga “braai”, “bakkie” ndi “lekker”, ku Zulu “indaba”. Magetsi a pamsewu ndi “robot”, dzina limene limamvekanso ku Harare, Lusaka ndi Lilongwe koma limene munthu wa ku London sangalimve. Msampha waukulu kwa mlendo ku Johannesburg ndi mawu a nthawi. Bwana akanena kuti akulipirani “just now”, musatambasule dzanja, chifukwa akutanthauza nthawi ina kutsogoloku, mwina lero mwina ayi. “Now now” ndiye amayandikirako. Mayi akaona khanda lokongola n'kunena kuti “shame”, sakunena za manyazi koma akugwidwa chikondi.

Cha ku Australia chinayamba ndi zombo za akaidi zimene zinafika ku Sydney mu 1788, ndipo chimakonda kudula mawu, monga “arvo” ponena za masana ndi “brekkie” ponena za kadzutsa.

Kodi Chingerezi cha ku India kapena ku Nigeria tingachitche cholakwika?

Mwa anthu pafupifupi 1.5 biliyoni amene amalankhula Chingerezi, amene anachiyamwira ndi pafupifupi 400 miliyoni okha, kotero n'kovuta kunena kuti ochepawo ndiwo okha ali ndi ufulu wopanga mawu. Ku India nyuzipepala zimawerengera ndalama mu “lakh”, yomwe ndi 100,000, ndi “crore”, yomwe ndi 10 miliyoni, ndipo msonkhano ukabwezedwa kuti uchitike msanga amati “prepone”. Angerezi enieniwo anatenga kumeneko “shampoo”, “bungalow” ndi “pyjamas”. Mu Januwale 2020 dikishonale yaikulu ya Oxford inalandira mawu angapo a ku Nigeria, kuphatikizapo “okada”, njinga yamoto ya kabaza, ndi “next tomorrow”, kutanthauza mkuja.

Pali kusiyana pakati pa zimenezi ndi zilankhulo zimene zinabadwa pamene anthu osamvana ankakumana pa malonda, pa ukapolo kapena m'minda ya atsamunda. Pidgin ya ku Nigeria, Patois ya ku Jamaica ndi Tok Pisin ya ku Papua New Guinea zinatenga mawu ambiri ku Chingerezi koma zili ndi malamulo akeake. BBC inayamba kufalitsa nkhani mu Pidgin mu 2017. Ku Singapore boma linayambitsa ntchito yolimbikitsa Chingerezi cha m'mabuku mu 2000 pofuna kuchepetsa Singlish, Chingerezi chosakaniza cha kumeneko, koma anthu sanasiye kuika “lah” kumapeto kwa ziganizo zawo.

Chifukwa chiyani ife timasokoneza “l” ndi “r”, ndipo kodi n'zochititsa manyazi?

M'Chichewa “l” ndi “r” sasiyanitsa tanthauzo la mawu, ndipo lamulo la kalembedwe limangoti “r” azibwera pambuyo pa “i” ndi “e”. Khutu lokulira m'chilankhulo chotere silinaphunzitsidwe kuwalekanitsa, pamene m'Chingerezi “pray” ndi “play”, “grass” ndi “glass” ndi zinthu zosiyana. Chimodzimodzinso maliwu. Ife tili ndi asanu, pamene Chingerezi cha kum'mwera kwa England chili ndi pafupifupi 20, n'chifukwa chake “ship” ndi “sheep”, kapena “hat”, “hut”, “heart” ndi “hurt”, amamveka ngati amodzi. Maphatikizo athu amathera ndi lembo la liwu, ndipo umu ndi mmene tinapezera sukulu, sitolo, foloko ndi supuni. Palibe chamanyazi pamenepa, pakuti Mngerezi naye amavutika ndi ng'ombe, ndipo kusiyana kwa “p” ndi “ph” wa mu “kupha” sakumva.

Palinso ziganizo zimene timamanga ndi njerwa za Chingerezi pa maziko a Chichewa. Munthu amatuluka m'chipinda akunena kuti “I am coming” chifukwa m'mutu mwake muli “ndikubwera”, amati “borrow me” chifukwa cha “ndibwereke”, ndipo amati “sorry” kwa amene wapunthwa yekha chifukwa cha “pepani”. Pakati pathu zimenezi zimamveka bwino. Zoyenera kuzikonza ndi zimene zingasocheretse womvera wakunja, monga kunena kuti munthu ndi “late” potanthauza kuti anamwalira, pamene winayo akumva kuti wachedwa.

Kodi zimene aphunzitsi amati n'zolakwika zinali zolakwika kuyambira kale?

Zambiri ayi. Kutchula “ask” ngati “aks”, kumene lero anthu amanyoza nako anthu akuda a ku America, kunalipo m'Chingerezi chakale zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo mlakatuli Geoffrey Chaucer wa m'zaka za m'ma 1300 ankalemba motero. Kukana kawiri m'chiganizo chimodzi kunali kololedwa mpaka olemba mabuku a galamala a m'zaka za m'ma 1700, monga Robert Lowth mu 1762, anakutsutsa. Katswiri wina, William Labov, anazungulira masitolo atatu a ku New York mu 1962 akufunsa ogulitsa funso limene yankho lake linali “fourth floor”, ndipo anapeza kuti a m'sitolo yodula ankatchula “r” kwambiri kuposa a m'sitolo yotchipa. Ku England n'zosemphana, chifukwa kumeneko kumumeza ndiko kumaoneka kwaulemerero. Liwu limodzimodzi likhoza kukhala chizindikiro cha ulemerero tsidya lino la nyanja ndi cha umphawi tsidya linalo.

Ndiye polemba mayeso kapena kalata yofunsira ntchito nditsatire chiti?

Ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa masukulu ndi maofesi amatsatira kalembedwe ka ku Britain, choncho yambirani pamenepo pokhapokha ngati mukulembera bungwe la ku America. Chofunika kwambiri ndi kusasakaniza, “colour” m'ndime yoyamba kenako “color” m'ndime yachiwiri, vuto limene limabwera kawirikawiri chifukwa makompyuta ndi mafoni ambiri amafika atatcheredwa kale pa Chingerezi cha ku America. Sinthani zimenezo musanayambe kulemba. Amene akukonzekera mayeso a IELTS, oyesa luso la Chingerezi kwa ofuna kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja, azimvetsera mawailesi a m'mayiko angapo, popeza gawo la kumvetsera limakhala ndi olankhula a ku Britain, Australia, New Zealand ndi North America, ndipo pa gawo la kulankhula oyesa amafuna kuti mawu azimveka bwino, osati kuti munthu atengere katchulidwe ka ku London. Samalaninso ndi madeti ndi nyumba zosanjikizana. Kalata ya ku America yonena kuti mufike pa 03/04 ikutanthauza pa 4 Malichi, pamene ya ku Britain ikutanthauza pa 3 Epulo, ndipo ofesi ya pa “first floor” ku New York ili pansi penipeni, koma ku London muyenera kukwera masitepe kamodzi.